Kalata kwa mnzanga: keke ya tchizi ya magawo atatu

Wokondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino kumeneko ku Manchester pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Zomba tonse tili bwino.

Uthenga wanu ndinaulandira, pamodzi ndi chithunzi cha cheesecake yomwe inakukanikani ija. Ndachiyang'anitsitsa. Magawo alowererana moti chokoleti chakwera mpaka pakati, pamwamba pang'ambika ngati dambo louma la mu Okutobala, ndipo mabisiketi apansi akuoneka kuti anamwa madzi. Mavuto atatu onsewa ali ndi mankhwala ake. Pa foni sitingamalize, ndiye ndati ndilembe kalata yoti muziiyang'ana muli kukhitchini.

Choyamba, iwalani zoti imeneyi ndi keke ngati zinzake. Dzinalo ndi limene limasocheretsa anthu. Keke wamba imadalira ufa ndi baking powder, ndipo imafuna kumenyedwa kuti mulowe mpweya, ifufume. Iyi ayi. Ndi tchizi, shuga ndi mazira, ndipo chimene chimailimbitsa ndi mazirawo akamagwira pang'onopang'ono pa moto wofatsa, monga zimakhalira ndi custard. Mpweya siufuna, moto waukali siufuna, kuzizira kodzidzimutsa sikufunanso. Mukafuna ya magawo atatu pamabwera nkhani ina. Chilichonse chomwe mwathira kuti musinthe kakomedwe chimasinthanso kulimba kwa phala lake: chokoleti chimalimbitsa, zipatso zimasungunula, malambe amamwa madzi. Ntchito yanu ndi kupanga phala limodzi lokha, kuligawa ndi sikelo, ndi kuonetsetsa kuti magawo atatuwo alimba mofanana musanawasanjike. Ndizilitcha phala chifukwa ndi mmene limaonekera. Ife tipanga chokoleti pansi, malambe pakati, masitiroberi pamwamba.

Chitini chikhale chija chotsegula m'mbali ndi kachitsulo, chomwe m'masitolo amachilemba kuti springform, cha masentimita 23 m'mimba mwake ndi kuya kosachepera masentimita 7. Mbale yake yapansi muitembenuze, mlomo wotukuka uja uyang'ane pansi, kuti tsiku lodya keke idzangotsetsereka popanda chokola. Yalani baking paper pambalepo, tsekani chitinicho pepalalo litatulukira kunja, kenako pakani batala pang'ono m'mbali. Mufunikanso thireyi yakuya yowotchera nyama yomwe chitinicho chingalowemo, mbale zitatu, sefa, ndi sikelo ya magalamu. Makapu asiyeni, amanama. Ngati muli ndi thermometer yobaya nyama, ikuthandizani kwambiri pamapeto.

Tsopano tchizi, ndipo apa ndi pamene maphikidwe ambiri a pa intaneti amakugwetsani. Ochuluka amalembedwa ku America, kumene lamulo limafuna kuti cream cheese akhale ndi mafuta osachepera 33 pa 100, ndipo amagulitsidwa wouma ngati njerwa ya batala. Wa kumeneko ku Britain amabwera m'tizibakuli, ndi wofewa woti azipaka pa buledi, mafuta ake amakhala cha m'ma 20 pa 100 ndipo madzi ndi ambiri. Ndiye mukatsata maphikidwe a ku America ndi tchizi wa ku Britain, phala limatuluka lamadzi ndipo magawo sangakhale pamwamba pa anzake. Gulani Philadelphia wamba kapena wa sitolo wolembedwa full fat soft cheese, magalamu 900. Wolembedwa light musamuyandikire n'komwe. Mukatsegula, tayani timadzi tomwe timakhala pamwamba. Kuti tibweze kulimba komwe tchiziyu alibe, tithira cornflour masipuni aakulu atatu, omwe ndi magalamu 25. Paja cornflour wa kumeneko ndi kaufa kosalala kolimbitsira msuzi, si ufa woyera wa nsima, musatapepo pa thumba lanu lija.

Zina zofunika pa phala ndi izi: shuga wosalala uja amati caster magalamu 200, soured cream magalamu 200, mazira aakulu anayi, vanila masipuni a tiyi awiri, ndi mchere wotsina ndi zala. Soured cream akasowa, yogati ya Greek yamafuta onse imagwira ntchito yomweyo. Mukadzaipangira kuno kwathu, chambiko chomwe mwachisiya pa kansalu koyera usiku wonse m'firiji kuti chikhe madzi chimalowa m'malo bwinobwino. Tchizi ndi soured cream zituluke m'firiji maola awiri musanayambe. Mazira mukawaiwala, aikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 10.

Yambani ndi masitiroberi chifukwa amafuna nthawi yozizira. Tengani magalamu 350. Mu Juni ndi Julaye, pamene a kumeneko ali pa nyengo yake, gulani aawisi. Miyezi yozizira gulani a mufiriza, chifukwa aawisi a nthawi imeneyo ndi maonekedwe chabe, mkati ndi madzi, sangafanane ndi omwe anyamata amagulitsa m'mbale pa msewu wokwera phiri la Zomba. Aphwanyeni, muwakhuthulire m'poto ndi shuga magalamu 30 ndi madzi a mandimu sipuni yaikulu imodzi. Akafewa, asefeni kuti njere zitsale, bwezerani madziwo pamoto wochepa, muzitakasa kwa mphindi 20 kapena 25 mpaka atsale magalamu 110 okha. Muzindikira kuti afika mukadutsitsa mthiko pansi pa poto n'kusiya kanjira komwe sikatsekeka msanga. Anthu ambiri amadumpha zimenezi, amangogaya zipatso n'kuthira m'phala. Zotsatira zake gawo lapamwamba silimagwira, limang'ambika, ndipo kukoma kwa chipatsocho sikumveka chifukwa theka la zomwe mwathira ndi madzi. Palinso vuto la mtundu: masitiroberi akapsa pamodzi ndi tchizi amafwifwa, amatuwa. Ponyani masamba ofiira ouma a duwa la chidede asanu kapena asanu ndi limodzi m'potomo pamene akuwira, muwachotse posefa. Kumeneko chidede mukachipeza m'masitolo a anthu a ku Caribbean pa dzina loti sorrel, kapena kwa a ku Nigeria pa dzina loti zobo. Chimafiiritsa popanda kusokoneza kakomedwe.

Pamene zimenezo zikuzizira, pangani maziko. Mabisiketi a digestive magalamu 250 muwaike m'pepala la pulasitiki lolimba, muwapere ndi botolo mpaka akhale ngati mchenga. Sungunulani batala magalamu 100, thiranimo, sakanizani. Fumbatani pang'ono m'dzanja: akagwirana ngati mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa nyanja ndiye kuti zili bwino. Akamwazika, onjezerani batala sipuni imodzi. Akamasiya mafuta m'manja ndiye kuti batala wachuluka, adzadontha mu uvuni ndipo maziko adzauma gwa ngati thabwa, onjezerani mabisiketi awiri. Khuthulirani m'chitini, tsenderani ndi tako la tambula kuti pakhale posalala, makamaka m'makona momwe anthu amasiya mulu. Wotchani mphindi 10 pa madigiri 180, kapena 160 ngati uvuni wanu ndi wa fani, kapena gas mark 4 ngati ndi wa gasi. Kuwotcha kumeneku ndi kumene kumathandiza kuti mabisiketi asadzalowe chinyezi cha phala. Asiyeni azizire ndithu. Pa mabisiketi otentha chokoleti chimasungunuka n'kulowerera.

Pakusakaniza, yambani mwayeza mbale yaikulu ili yopanda kanthu, mulembe kulemera kwake papepala. Ikanimo tchizi yekha, mumutakase ndi makina pa liwiro lotsikitsitsa kwa mphindi imodzi, kapena ndi mthiko, mpaka asalale. Mibulu yonse ithere pano, chifukwa mukathira zamadzi simudzaigwiranso, imangothawa. Sakanizani shuga, cornflour ndi mchere m'kapu pazokha, kenako thirani, takasani mphindi ina imodzi. Palani pansi ndi m'mbali mwa mbale, ndi kumene tchizi wouma amabisala. Thirani soured cream ndi vanila. Apa zimitsani makina, muwaike kutali. Tchizi wofewa wa kumenekoyu mukamumenya kwambiri amasungunuka ngati mkaka ndipo sabwereranso. Mazira muwaswere m'kapu, muwaphwanye pang'ono ndi foloko, muzithira limodzilimodzi uku mukutakasa ndi dzanja, kusiya pomwe chikasu changosowa. Chifukwa chake n'chakuti mazira ndi amene amasunga mpweya. Phala lodzaza thovu limafufuma mu uvuni n'kukusangalatsani, koma likamazizira limaphwa, pakati pamalowa, ndipo pamwamba pamang'ambika. Mukamaliza, gogodani mbaleyo patebulo kasanu kuti timathovu tikwere tiphulike. Mukaona timibulu toyera, ndiye kuti tchizi anali wozizira. Musamenyenso, ingodutsitsani phala lonse pa sefa.

Yezani tsopano, muchotsere kulemera kwa mbale. Mupeza magalamu pafupifupi 1,550. Musagawe mofanana, chifukwa zothiramo zake n'zosiyana kulemera. Mbale ya chokoleti ilandire magalamu 500, ya masitiroberi 500, ya malambe zotsalazo, cha m'ma 550. Mukathira zonse, gawo lililonse lidzalemera magalamu opitirira pang'ono 600, ndipo m'chitini lidzakhala lochindikala sentimita imodzi ndi theka kapena kuchepera pang'ono. Mukagawa ndi maso, gawo lomaliza limatsala lopyapyala ngati chikopa.

Chokoleti chikhale chakuda, chija cholembedwa 60 kapena 70 pa 100, magalamu 120. Cha mkaka chimatsekemera mopitirira ndipo mtundu wake umafooka. Chithyoleni m'mbale youma, muikhazike pamwamba pa poto wa madzi otentha, mbaleyo isakhudze madzi. Samalani kuti dontho la madzi lisagweremo, chifukwa nthawi yomweyo chimauma n'kukhala ngati dothi. Chikasungunuka, chichotseni, chizizire mpaka chikhale chofunda ngati mkaka wa mwana mukachidontheza pamkono. Tsono musachikhuthulire m'phala. Tapani phala masipuni awiri, muthire m'chokoletimo, takasani msanga, onjezerani ena awiri, kenako phatikizani ndi phala lotsala la mbale imeneyo. Mukachita mosemphanitsa, chokoleti chofunda chikakumana ndi phala lozizira lambiri chimaundana n'kusiya timiyala takuda. Gawo limeneli limalimba mofulumira, ndiye likhuthulireni pa mabisiketi nthawi yomweyo, salazani ndi msana wa sipuni mpaka m'mbali, gogodani chitini kawiri. Likakhala lolimba moti silikuyenda, thirani mkaka sipuni imodzi kapena awiri. Timaliika pansi chifukwa ndi lolemera kuposa anzake, ndiponso batala wa koko yemwe ali m'chokoleti amalipangitsa kukhala phata lodalirika. Mukaliika pamwamba limamira. Lowetsani chitini mufiriza, pamalo osapendama, kwa mphindi 20.

Pamene mukudikira, konzani malambe. Ufa wake umapezeka m'masitolo a zakudya za thanzi kumeneko pa dzina loti baobab powder, popeza kuyambira 2008 unaloledwa kugulitsidwa m'maiko a ku Ulaya. Mtengo wake mukauona mudzaseka, pokumbukira mmene timatayira malambe kuno. Ngati wina anakubweretserani a kumudzi, asinjeni mopepuka kuti ufa usiyane ndi njere, musefe kawiri kuchotsa ulusi wake. Tengani masipuni aakulu awiri, pafupifupi magalamu 20, muyambe mwasungunula mu mkaka masipuni atatu ndi shuga sipuni imodzi mpaka akhale phala losalala, muwasiye mphindi zisanu. Ufa wa malambe umamwa madzi kwambiri. Mukauwaza wouma m'phala la tchizi umapanga timibulu towawasa ndipo gawo lonse limauma. Sakanizani ndi phala la mbale yachiwiri, mulawe kansonga ka sipuni. Kuwawasa kuzimveka patali, kusaluma m'masaya. Mandimu musathiremonso. Mtundu wake umakhala woyera motuwira, ndipo pakati pa chakuda ndi chofiira umaoneka bwino. Malambe akasowa, siyani gawoli la vanila yekha, koma pogawa muliwonjezere lifike magalamu 590, enawo 480 lililonse.

M'mbale yachitatu thirani masitiroberi ozizira aja ndi cornflour sipuni ya tiyi imodzi yowonjezera, takasani mofatsa. Tsopano yerekezani mbale ziwirizi. Tapani ndi sipuni, mutsanule: phala lonse lizigwa mwaulesi ngati phala la mgaiwa lomwe layamba kuzizira. Ngati limodzi likuthamanga kuposa linzake, liikeni m'firiji mphindi 15 ligwire. Vindikirani mbale zomwe zikudikira kuti pamwamba pasaume.

Tulutsani chitini, khudzani chokoleti ndi chala. Chikapanda kumatirira ndiye kuti chakonzeka. Sitikufuna kuti chiume ngati ayezi, tikungofuna khungu loti linyamule mnzake. Pothira gawo lachiwiri musatsanule kuchokera m'mwamba pakati pa chitini, chifukwa kulemera kwake kumaboola dzenje ndipo chokoleti chimathawira m'mbali n'kukwera, ndipo ndikukayikira kuti ndi zomwe zinachitika pa chithunzi chija. Gwirani sipuni yaikulu chadodolido pafupi kwambiri ndi chokoleti, muzithira phala pamsana pake, kuyambira m'mphepete, kuzungulira mpaka kufika pakati. Salazani mopepuka, sipuni isakumbe. Mukadetsa m'mbali mwa chitini pukutani ndi kapepala, apo ayi zidzaoneka pa keke. Bwezerani mufiriza mphindi 25, popeza gawo limeneli lilibe chokoleti cholilimbitsa. Kenako thirani la masitiroberi mwa njira yomweyo. Timathovu tomwe tatsala pamwamba tibooleni ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Uvuni ukhale utatentha kale pa madigiri 160, kapena 140 wa fani, kapena gas mark 3. Keke iyi imapsera m'madzi. Madzi sangatenthe kupitirira madigiri 100, ndiye amateteza m'mbali kuti musapse pakati pasanagwire, ndipo nthunzi yake imasunga pamwamba kuti pasaume. Vuto ndi lakuti chitini chotsegula m'mbali chimadontha, kaya ndi chatsopano. Ambiri amachikulunga ndi foil, ndipo zimatheka ngati mwagula wotambalala uja, mapepala awiri athunthu opanda msoko, ofika mpaka kumlomo. Koma kabowo kamodzi kosaoneka ndi maso ndi kokwanira kunyowetsa mabisiketi onse. Njira yomwe ine ndimaikhulupirira ndi kulowetsa chitinicho m'chitini china chosatsegula chokulirapo pang'ono, cha masentimita 25, ndiye chachikulucho ndi chimene chimakhala m'madzi. Ikani zonse m'thireyi, thireyiyo pa shelefu yachiwiri kuchokera pansi, kenako ndi pamene muthire madzi otentha a m'ketulo kuchokera pakona, afike theka la chitini. Mukathira madzi patebulo n'kunyamula, adzagavikira pa keke.

Ola loyamba musatsegule chitseko. Popeza magawo apansi alowa ali ozizira, yembekezerani mphindi 80 mpaka 95. Pa mphindi 75 yang'anani. Gogodani m'mbali mwa chitini ndi mthiko. M'mphepete mukhale mutagwira, mosanyezimira, koma pakati, malo aakulu ngati kamwa la kapu, pazigwedezeka pamodzi ngati jelly. Pakamayenda mafunde ngati madzi, onjezerani mphindi 10. Pakapanda kugwedezeka konse ndiye kuti mwapitiriza. Ndi thermometer, bayani pakati mpaka theka la kuya kwake: madigiri 65 ndi pomwe tikufuna. Kupitirira 70 mazira amakhwinyata n'kufinya madzi, keke imakhala ya mchengamchenga pa lilime ndipo imang'ambika. Mpeni musabaye, udzatuluka wonyowa ngakhale keke itapsa, ndipo chilonda chakecho ndi pamene mng'alu umayambira. Pamwamba pakayamba kuderako nthawi isanakwane, yalani foil momasuka osakhudza keke.

Ndikudziwa kuti pakati pogwedezekapo padzakuchititsani mantha. Limbani mtima, kutentha komwe kuli mkati kumapitiriza kuphika. Zimitsani uvuni, tsegulani chitseko pang'ono, mupanikizepo mthiko, muisiye mommo ola limodzi. Kenako itulutseni m'madzi, muyendetse kampeni kopyapyala m'mbali monse koma osatsegula chitini. Kekeyi ikamazizira imafota pang'ono, ndiye ikakhala itamatirira m'mbali imakokedwa uku ndi uku mpaka pakati pamang'ambika. Isiyeni patebulo maola awiri, kutali ndi zenera. Ikazizira, ilowe m'firiji yosavindikira kwa maola awiri oyamba, kenako vindikirani ndi mbale yaikulu yovundikira. Mukaiphimba ikadali yofunda, nthunzi imasanduka madontho omwe amagwera pamwamba n'kusiya mawanga. Igone m'firiji maola osachepera 8. Ngati alendo ndi a Lamlungu masana, ntchito yonseyi ndi ya Loweruka m'mawa.

Ikang'ambikabe, musadandaule, pali chophimbira chomwe chimawonjezera ngakhale kukongola. Wiritsani chidede chouma magalamu 15 m'madzi mamililita 300 kwa mphindi zisanu, sefani, mutsale ndi mamililita 250, thirani shuga magalamu 50. Viikani masamba awiri a gelatine, yomwe imalimbitsa zamadzi kukhala jelly, m'madzi ozizira mphindi zisanu, afinyeni, muwasungunule m'chidede chikadali chotentha koma chisakuwira. Dikirani chizizire mpaka chiyambe kulemera ngati manyuchi, ndipo muthire pa keke yozizira ikadali m'chitini. Maola awiri m'firiji chigwira. Chikathiridwa chotentha chimasungunula gawo la masitiroberi n'kutsikira m'mbali. Mukadzafuna kusintha zipatso, kumbukirani kuti nanazi, papaya ndi kiwi zaziwisi zimalepheretsa gelatine kugwira, mpaka mutayamba mwaziwiritsa.

Tsiku lodya, kulungani kansalu koviika m'madzi otentha kuzungulira chitini kwa theka la mphindi, tsegulani kachitsulo pang'onopang'ono, kwezani mkombero molunjika. Kokani pepala lapansi lija kuti keke itsetserekere pa mbale. Ikhale kunja mphindi 20 kapena 30 musanadule, chifukwa chokoleti chikangochoka m'firiji chimakhala cholimba ndipo kukoma kwake kumabisala. Mpeni ukhale wautali, wopanda mano. Uviikeni mu jagi ya madzi otentha, pukutani, dulani kamodzi molunjika pansi, muutulutse chokoka cham'munsi, osaukweza, kenako tsukani ndi kupukutanso musanadule kachiwiri. Mukachita ulesi pamenepa chokoleti chimapaka pa gawo loyera, ntchito yonse ya sikelo ndi firiza ija n'kuwonongekera pa mpeni. Mupeza zidutswa 12, kapena 14 ngati mukudula mosamala, ndipo n'zokhutitsa.

Chidutswa choyamba chiyang'aneni cham'mbali, chikuuzani zomwe zinachitika. Mizere ikakhala yokhotakhota ngati mapiri, gawo lapansi silinagwire mufiriza kapena munathira kuchokera patali. Magawo akamasiyana okha pa foloko, munawaumitsa mopitirira, kapena panali chinyezi pamwamba pomwe munkathira linzake. Ulendo wina chepetsani mphindi zisanu ndipo muzipukuta chinyezicho ndi kapepala. Gawo lapamwamba lokha likakhala lofewa, masitiroberi sanaphwe mokwanira. M'mphepete mukakhala mouma ndi motukuka kuposa pakati, uvuni wanu umatentha kuposa zomwe umalemba, tsitsani ndi madigiri 10. Pansi pakanyowa, lawani: ngati sipakumveka kukoma kulikonse ndi madzi a m'thireyi, koma ngati ndi ponona ndi batala amene anachuluka.

Yotsala isakhale patebulo kupitirira maola awiri. M'firiji, yovindikira bwino kuti isatenge fungo la anyezi ndi nsomba, imakhala masiku anayi. Mufiriza imakhala mwezi: dulani zidutswa, ziume kaye pa thireyi, kenako kulungani chilichonse pachokha, ndipo pozifuna zisungunukire m'firiji usiku wonse. Yoika mufirizayo ikhale yopanda chidede cha pamwamba chija, chifukwa gelatine akauma n'kusungunuka amatulutsa madzi.

Mukaipanga munditumizire chithunzi cha chidutswa chodula, chojambulidwa cham'mbali, ndiponso mundiuze mphindi zomwe inakhala mu uvuni. Wina akamabwera kumeneko ndidzampatsira kaphukusi ka malambe osefa kale ndi chidede.

Mupereke moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo akuwasowa.

Ndine mnzanu,
wa ku Zomba